Ndinadya ndalama za mpingo, kodi Mulungu angandilandirenso?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake ngakhale mpingo wake. Akuti anali msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi. Mwana wake atadwala, anatapako ndalama za simenti poganiza kuti adzabweza akagulitsa soya. Soya sanachite bwino, anatapanso zina, mpaka nkhani inaululika pa tsiku lowerengera chuma. Akulu a mpingo anamudula, ndipo kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo la tchalitchi. Funso lake ndi ili: "Ndimalapa usiku uliwonse koma sindimva kuti ndakhululukidwa. Kodi Mulungu akundikondabe, kapena ndinapyola malire?"

Achimwene, Mulungu akukukondani, ndipo sanalekepo. M'kalata yanu ndikuona kuti mukuyesa chikondi chake ndi malipiro amene mudzalandire mukadzalira mokwanira. Paulo, pa Aroma 5:8, akuti Khristu anatifera pamene tinali ochimwabe. Chikondi ndicho chinayamba. Kulapa kumabwera pambuyo, munthu akazindikira kuti kumene akuthawako akumufunabe, ndipo pa Aroma 2:4 akunena mosabisa kuti kukoma mtima kwa Mulungu n'kumene kumatikokera ku kulapa.

Tsegulani Luka 15 muwerenge mutu wonse, kuyambira vesi loyamba. Yesu ananena mafanizo atatu aja chifukwa Afarisi ndi alembi ankang'ung'udza kuti amalandira ochimwa, mpaka kudya nawo. Mbusa wa nkhosa 100 akusiya 99 kukafuna imodzi. Mayi wa ndalama 10 akuyatsa nyale n'kusesa nyumba yonse chifukwa cha imodzi yotayika, ndalama yoti singalire kapena kudzibweza yokha. Ndiye pali mwana wolowerera uja. Ali kudziko lakutali anakonza mawu okanena kwa bambo ake, ndipo omalizira anali oti amuyese mmodzi wa antchito awo. Bambo anamuona ali patali, anamuthamangira, ndipo mawu omalizirawo mnyamatayo sanawanene n'komwe. Bambo anali ataitanitsa kale mwinjiro wokongola, mphete ndi nsapato. Inu mukupempha kuti akuloleni kukhala kumapeto kwa bwalo, pamene Mwini nyumba akukuitanani monga mwana wake.

Za kusamva kuti mwakhululukidwa, ndikuuzeni kuti mtima wa munthu ndi mboni yosadalirika. Pa 1 Yohane 1:9 lonjezo lake ndi lakuti tikavomereza machimo athu, Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira. Zatsamira pa kukhulupirika kwake. Mmene inu mukumvera nthawi ya 2 koloko usiku sizisintha lonjezolo.

Pali anthu awiri amene anamulakwira Yesu usiku umodzi, Petro ndi Yudasi. Onse anamva chisoni. Yudasi anafika pobweza ndalama zasiliva 30 zija n'kuvomera kuti wachimwa, koma anakanena kwa ansembe aakulu, amene anamuyankha kuti zimenezo ndi zake. Anachoka yekhayekha n'kukadzimangirira. Petro anakana Ambuye katatu akuotha moto wamakala, analira kowawa, koma sanachoke pakati pa anzake. Pa Yohane 21 tikumupeza m'mbali mwa nyanja, pomwe Yesu wasonkha moto wina wamakala, waikapo nsomba, pali ndi buledi. Anamudyetsa kaye, kenaka n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo katatu konse anamupatsanso ntchito yodyetsa nkhosa. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni chochokera kwa Mulungu, chimene chimabala kulapa, ndi chisoni cha dziko, chimene chimabala imfa. Chisoni chimene chimakutsekerani m'nyumba n'kumakunong'onezani kuti mwathera pompo ndi chachiwiricho. Ngati maganizo odzichotsera moyo amakufikirani, chonde musagone nawo. Uzani akazi anu, m'bale wanu kapena achipatala lero lomwe.

Tsopano ndifike pa mbali yowawa, chifukwa ndikangokutonthozani ndiye kuti ndakunamizani. M'kalata yanu simunatchule zobweza ndalamazo. Ndikuganiza kuti china chimene chikukusowetsani tulo ndi chimenecho. Ndalama zija zinali ndi eni ake: mayi wogulitsa mandasi amene ankamasula kansalu Lamulungu lililonse, agogo amene anagulitsa nkhuku kuti dzina lawo lilembedwe m'kaundula wa zopereka. Mwapepesa kwa Mulungu, koma iwowa mumawazemba mukawaona pamsika.

Taonani Zakeyu ku Yeriko, pa Luka 19. Yesu anamuitana ali mumtengo wa mkuyu n'kudziitanira yekha kunyumba kwake, Zakeyu asanalonjeze kanthu. Atalandiridwa m'pamene anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Sanagule chikhululukiro ndi ndalamazo. Munthu amene walandiridwa chotere sangathenso kukhala phee ndi chuma cha eni ake m'thumba.

Anthu amati madzi akatayika saoleka, koma ngongole imabwezeka. Pitani kwa abusa kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira. Nenani chiwerengero chenicheni, osachotserako, ndipo musayambe ndi nkhani ya matenda a mwana ngakhale ili yoona. Iwo akuidziwa kale. Gwirizanani kuti muzipereka zingati pamwezi, zilembedwe, ndipo muzilandira lisiti. Ngakhale zikhale zochepa, yambani mwezi uno. Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo, ukayanjane naye kaye.

Kudulidwa mu mpingo sikutanthauza kuti Mulungu wakutayani. Cholinga cha chilango cha mpingo ndi kubweza munthu. Ku Korinto kunali munthu amene mpingo unamulanga, ndipo pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuwauza kuti chilangocho chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira. Zimandipweteka kuti mipingo yathu yambiri imafulumira kulengeza dzina la wodulidwa, koma palibe mkulu amene amapita kukagogoda pakhomo pake pambuyo pake. Akulu a mpingo amene mukuwerenga izi, mwana wamkulu wa pa Luka 15 uja, amene anakana kulowa kuphwando lolandirira mng'ono wake wolowerera, fanizolo linanenedwa chifukwa cha iye.

Musayembekezere kuti akubwezerani udindo wosunga chuma msanga, mwinanso sadzakubwezerani konse. Davide anamva kwa mneneri Natani kuti Yehova wachotsa tchimo lake, komabe zotsatira zake zinamupeza m'nyumba mwake (2 Samueli 12). Ena adzanong'onezana mukamalowa. Khalani benchi yakumbuyo ngati mukufuna, koma lowani, popeza wodulidwa saletsedwa kumva Mawu. Funsani akulu njira imene mpingo wanu umatsata kuti munthu abwererenso pa mgonero, muitsate mpaka kumapeto. Ngati miyendo ikulemera, pemphani akazi anu kapena mnzanu mmodzi wa mu mpingomo kuti adzakutengeni pakhomo Lamulungu likubwerali, mukalowere limodzi.