Kwa achemwali opita ku Arugam Bay ndi mwana wodwala celiac

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mu Julayi mukupita ku Sri Lanka ndi mtsikana wanu amene madokotala anamupeza ndi matenda a celiac, amene munthu amadwala akadya gluten, puloteni ya mu tirigu ndi balere, ndipo mukakhala ku Arugam Bay poti bambo ake akufuna akaphunzire kusewera pa mafunde ndi thabwa. Mukuda nkhawa kuti akadya chiyani, mpaka mukuganiza zodzaza chikwama chonse ndi buledi wopanda gluten wogula ku Johannesburg konko. Inenso matenda anga ndi omwewo, ndipo pa gombe limenelo ndinakhalapo. Pitani, mwana sakagona ndi njala. Koma chimene chikamusunge bwino ndi mpunga ndi ndiwo zimene eni dziko amadya masana, zophikidwa ndi munthu mmodzi amene mwakhala naye pansi n'kumufotokozera.

Arugam Bay ndi kamudzi ka msewu umodzi kum'mawa kwa chilumba cha Sri Lanka, m'boma la Ampara, pafupi ndi tauni ya Pottuvil. Nyengo ya mafunde abwino imayamba cha mu Meyi mpaka mu Seputembala, ndiye Julayi wanuyo malo onse odyera akhala otsegula. Ikatha nyengoyo ambiri amatseka n'kusamukira kumwera, ku Weligama ndi madera oyandikira. Mumsewumo mudzaona zikwangwani zambiri zolembedwa kuti "gluten free", pa makeke, pa buledi wa nthochi, pa mbale za zipatso. Zimenezi analembera alendo amene amapewa tirigu mwa kufuna kwawo, ndipo kwa iwo n'zokwanira. Mwana wanu ndi nkhani ina. Muyezo wa padziko lonse wa Codex umati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Nyenyeswa za buledi zotsalira pa mpeni kapena pa thabwa lodulirapo zikhoza kupitirira pamenepo. Khitchini imene ikuphika pizza, pasta ndi zikondamoyo za tirigu m'kachipinda kamodzi, wophika wake ali pa liwiro chifukwa matebulo adzaza, ine ndimaiopa kuposa kanyumba kamene kamangophika mpunga ndi ndiwo.

Chakudya cha masana cha anthu a ku Sri Lanka amangochitchula kuti rice and curry. Amakubweretserani mpunga woyera kapena wofiira, ndi timbale tambiri tozungulira: parippu, yomwe ndi mphodza zofiira zophika mu mkaka wa kokonati, nsomba kapena nkhuku, dzungu, biringanya, zitheba, nthawi zina polos, yemwe ndi jackfruit wanthete wophikidwa mpaka kufanana ndi nyama. Pamakhalanso mallung, masamba odulidwa nyenyenye osakaniza ndi kokonati wopala, ndi pol sambol, kokonati wosinja pamodzi ndi tsabola, anyezi, mandimu ndi tizidutswa ta nsomba youma. Msuzi wa ndiwo zimenezi umakhuthala ndi mkaka wa kokonati, kapena mpunga wokazinga n'kusinja, ndipo mwachikhalidwe ufa wa tirigu sulowamo. Ichi ndiye chuma chanu paulendowu. Mwana akazolowera tsabola wake, ndipo mukapempha amachepetsako, adzadya n'kukhuta tsiku lililonse.

Pa mbale imeneyo pali kanthu kamodzi koti muchotse isanafike pa tebulo: papadam, kaphanthi kopyapyala kokazinga kamene amakonda kusanjika pamwamba pa mpunga. Wa ku India nthawi zambiri ndi wa ufa wa nyemba wokha, koma wa ku Sri Lanka kawirikawiri amakhala ndi ufa wa tirigu, ndipo amanyenyeka msanga. Nenani poitanitsa pomwepo kuti asaike. Funsaninso ngati m'ndiwo athira timibulu tokometsera msuzi tija kapena soy sauce, ndipo ndiwo za soya pieces, zimene kumenekonso amazikonda ngati kwathu, zisiyeni, chifukwa kapaketi kokometsera kamene kamabwera m'kati mwake simungakadziwe.

Tsopano pamene pali msampha weniweni. Mukawerenga pa intaneti adzakuuzani kuti hoppers (zikondamoyo zooneka ngati kambale), string hoppers, pittu (ufa ndi kokonati zophika pa nthunzi) ndi thosai (chikondamoyo chopyapyala) ndi za ufa wa mpunga, choncho n'zabwino kwa munthu wa celiac. Kale zinalidi choncho, ndipo m'makomo ambiri mpaka lero zili choncho. Koma Sri Lanka ngakhale salima tirigu amadya ufa wake wambiri zedi. Kale wambiri unkalowa ngati chithandizo chochokera ku America, mpaka anthu ena achikulire amautchabe ufa wa ku America, ndipo kuyambira mu 1980 ku doko la Trincomalee kuli chigayo chachikulu chogaya tirigu wobwera pa sitima. Ufa umenewu umapezeka paliponse ndipo umagwira bwino, ndiye ophika a m'malo ogulitsira zakudya amathirako pang'ono mu ufa wa mpunga kuti hopper asang'ambike pochoka m'kapoto. Ena amaviika kachidutswa ka buledi kuti ufawo utupe msanga. String hoppers, timizere topyapyala tophika pa nthunzi tija, ena ndi a mpunga, ena oyera ndi a tirigu yekhayekha, ndipo poyang'ana ndi maso munthu wachilendo sangasiyanitse. Ku chigawo cha kum'mawa ndi kumpoto, kumene Atamil ndi Asilamu ndi ambiri, pittu wosakaniza tirigu ndi wofala kwambiri. Inu mukupita kumeneko ndendende. Ngakhale roti, buledi wophwatalala wootcha pa chiwaya, akakhala wa kurakkan, womwe ndi mawere athu omwe aja, kawirikawiri amaphatikiza ndi tirigu kuti akandike.

Sindikunena kuti mwana asalawe hopper. Hopper wa dzira pakati, m'mbali mwake mouma bwino, ndi chimodzi mwa zinthu zokoma kwambiri pachilumbacho, ndipo zingandipweteke mutabwerako asanamudye. Ndikunena kuti mumudye pamene mwaona ndi maso anu thumba la ufa umene akandira.

Zina n'zoonekeratu. Madzulo mudzamva phokoso la zitsulo zikugunda pa chiwaya mumsewu wonse. Ameneyo ndi kottu, roti wa tirigu woduladula pamodzi ndi masamba, mazira ndi nyama. Fungo lake limakopa, koma kwa mwana wanu ayi. Vuto lake silithera pa kottu yekha: chiwaya chomwecho ndi chimene amakazingirapo fried rice, mazira, ngakhale nsomba. Malo amene chiwaya chili chimodzi musaitanitsepo chilichonse chodutsa pamenepo. Fried rice ndi ndiwo zotchedwa devilled zimakhalanso ndi soy sauce, yemwe amapangidwa ndi tirigu. Pol roti ndi paratha ndi tirigu. Zokazinga zimene amazitcha short eats, zodzaza m'makabati agalasi, pafupifupi zonse zakutidwa ndi ufa kapena nyenyeswa za buledi. Parippu vadai, kachitumbuwa ka mphodza, payekha alibe vuto, koma amakazingidwa m'mafuta omwewo ndi zinzake zija. Tchipisi chimodzimodzi, funsani chimene chinalowa m'mafutawo chisanalowe icho. Nsomba ndi nkhanu za pamakala n'zabwino, bola muwapemphe angothira mchere, mandimu ndi adyo, aike pa pepala la foil, chifukwa ena amayamba azipaka sosi wa m'botolo.

Mafunsidwe ake ndi nkhani yaikulu. Anthu a kumeneko ndi aulemu kwambiri ndipo sakonda kukhumudwitsa mlendo. Mukafunsa kuti "mulibe gluten, eti?" adzamwetulira n'kuvomera ndi mtima wonse, pamene mawu akuti gluten ambiri sawadziwa n'komwe. Sakunama, akufuna mukondwe. Funsani funso limene silingayankhidwe ndi inde: mwagwiritsa ufa wanji? Mungandionetse paketi? M'Chisinhala ufa wa tirigu ndi tiringu piti, ndipo ambiri amati paan piti, pamene ufa wa mpunga ndi haal piti. M'Chitamil tirigu ndi kothumai, ndipo ufa woyera wa tirigu ena amautcha maida, moti munthu akhoza kukana kuti mulibe kothumai pamene maida alimo. Ku Pottuvil ndi ku Arugam Bay ophika ambiri amalankhula Chitamil, ndiye kapepala kofotokoza matenda a mwana kakhale m'zinenero zonse ziwiri. Mukafika, pemphani mwini nyumba akawerenge n'kukonza, chifukwa zomasulira za pa foni zimatha kutuluka zopanda mutu. Pakapepalapo palembedwe kuti mwana amadwala kwambiri akadya ngakhale pang'ono. Mukangoti sakonda, adzaona ngati mwana wosankha zakudya.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti posankha pogona musathamangire hotela yaikulu. Pezani nyumba ya alendo yaing'ono yoyendetsedwa ndi banja, kumene amayi apakhomo kapena wophika mmodzi ndiye amaphikira aliyense. Alembereni musananyamuke. Tsiku loyamba lowani m'khitchini mwaulemu, muwadziwitse mwanayo, muwaonetse kapepalako, muwapemphe poto woyera, chikombe chake, ndi mafuta atsopano. Zikatheka agulireni paketi ya ufa wa mpunga nokha muwapatse kuti hoppers a mwana azichokera m'menemo. Anthuwa amakonda ana, ndipo wophika amene wamuona mwanayo nkhope amasamala kuposa woperekera zakudya amene wangolandira uthenga pakhomo la khitchini. Pochoka musaiwale kuwathokoza ndi kangachepe. Ngati chipinda chili ndi kophikira kanu, ndiye bwino koposa: ufa wa kurakkan umagulitsidwa m'mapaketi, ndipo phala la mawere m'mawa inu simufunika kuphunzitsidwa. Ingowerengani pa paketi kuti ndi kurakkan yekha.

Ganiziraninso za m'mawa. Osewera pa mafunde amadzuka kusanache, kukwera tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu, kupita ku Whiskey Point, Peanut Farm kapena Elephant Rock, komwe ophunzira amakonda kupita, chifukwa Main Point ndi ya odziwa kale. Akatuluka m'madzi amakhala ndi njala ya nkhandwe, ndipo chimene chimapezeka msanga nthawi imeneyo ndi roti ndi kagalimoto ka buledi kamene kamayenda kakuimba nyimbo. Mwana wanjala akuona anzake akudya, ndi pamene ngozi imachitikira. Usiku wake konzeranitu nthochi, mazira owiritsa, mtedza, ndi chinangwa kapena mbatata zowiritsa. Chinangwa chowiritsa chodyera pol sambol ndi chakudya cha m'mawa cha eni dziko, sadzadabwa mukapempha. Kiribath, mpunga wophika mu mkaka wa kokonati n'kuudula timabwalo, umanyamulika bwino m'kabokosi. Thambili, kokonati wachikasu wakumwa, ali m'mbali mwa msewu paliponse.

Pa zakumwa samalani ndi Milo wa m'timapaketi, amene ana onse kumeneko amamwa, ndi zakumwa zina za malt: zili ndi balere. Mowa wa Lion nawonso ndi wa balere, koma poti bambo alibe vutoli, zimenezo n'zawo. Zotsekemera mwana sadzasowa. Chambiko cha mkaka wa njati chimene amagulitsa m'miphika yadothi, chothira uchi wa mtengo wa kithul, n'chokoma kwabasi. Watalappan, wophikidwa ndi mazira, mkaka wa kokonati ndi shuga wa kithul, ndi chakudya cha Asilamu a ku Sri Lanka, ndiye ku Pottuvil mwafika kwawo kwenikweni.

Buledi wanu uja, nyamulani wochepa. Kumeneko n'kotentha ndi kwachinyezi, ndipo amachita nkhungu m'masiku ochepa. Malo a m'chikwama apatseni mabisiketi osindikizidwa bwino, pasta wopanda gluten, kabotolo ka tamari, mtundu wa soy sauce, wolembedwa kuti alibe gluten, ndi zodya za pamsewu. Masiku ovuta kwambiri ndi a paulendo. Pa ndege itanitsani chakudya chopanda gluten, chimene amachilemba kuti GFML, masiku awiri musananyamuke, pa ndege iliyonse payokha ngati mukusintha ku Dubai kapena ku Doha, komabe mukhale ndi chanu m'manja. Kuchokera ku bwalo la ndege la Katunayake kukafika ku Arugam Bay ndi makilomita opitirira 300, pafupifupi tsiku lonse pamsewu, ndipo pamene mabasi amaima pamakhala short eats zokhazokha. Musanatuluke m'dera la Colombo lowani mu Keells kapena Cargills Food City mugule zimene mukufuna, chifukwa masitolo a kum'mawa ndi aang'ono. Lachisanu masana masitolo ambiri a ku Pottuvil amatseka kwa kanthawi anthu akapita ku mzikiti, ndiye kugula kwa tsiku limenelo chitani m'mawa.

Mwana akatsegula m'mimba musafulumire kuganiza kuti wadya tirigu, mwinanso ndi madzi kapena madzi oundana a m'zakumwa. Mulimonsemo, ndi kutentha kuja thupi limatha madzi msanga. Thanzi ORS wa kumeneko amamutcha Jeevani ndipo ali m'mafamase onse. Asalowe m'nyanja mpaka mphamvu zitabwerera. Akamasanza osaleka, akatentha thupi kapena mukaona magazi, ku Pottuvil kuli chipatala cha boma, ndipo nambala ya ambulansi yaulere ndi 1990. Tengani kalata ya dokotala wake ya m'Chingerezi yofotokoza matendawa, muonetsetsenso kuti inshuwalansi ya paulendo mwaiuza za celiac ndipo ikuvomereza masewera a pa mafunde, chifukwa ena amawachotsa m'gulu la zimene amalipira.