Kodi tingapente mabokosi a magetsi a m'mbali mwa msewu? Yankho kwa achemwali a pa Chitakale

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Chitakale ku Mulanje, komanso amayang'anira gulu la achinyamata kumpingo kwawo. Mlongo wawo amene ali kunja anawatumizira zithunzi pa WhatsApp za mabokosi achitsulo a m'mbali mwa misewu atajambulidwa maluwa, mbalame ndi nkhope za anthu. Iwo akufunsa kuti: "Ana angawa ali ndi luso la manja. Kodi ifenso sitingakongoletse mabokosi a magetsi ndi a mafoni amene ali pa Chitakale ndi pa boma? Tiyambire pati, nanga penti yoti n'kupirira mvula ya kuno ndi iti?"

Achemwali, maganizo anuwa andisangalatsa kwambiri ndipo ndikufuna atheke. Koma chonde musayambire pa bokosi la magetsi.

Zimene mwaona pa zithunzizo n'zoona. Ku Brisbane, m'dziko la Australia, khonsolo ya mzindawo inayamba ntchito yotereyi mu 1999, ndipo ku Dublin, m'dziko la Ireland, anayamba mu 2015. Ambiri mwa mabokosi amene amapentedwa kumeneko ndi oyendetsa maloboti a pamsewu. Cholinga china chinali kuchepetsa kulembalemba ndi kumata mapepala, poti anthu sakonda kuipitsa chinthu chimene akuona kuti wina anachikhalira pansi. Chimene chithunzi sichikuonetsani ndi njira imene ntchitoyo inadzera. Kumeneko eni ake a bokosi ndiwo amaitana ojambula. Wojambula amayamba watumiza chithunzi chake pa pepala, chikavomerezedwa amauzidwa bokosi lake, mtundu wa penti, ndi malo oti asapakepo kanthu. Palibe amangodzuka m'mawa n'kunyamula bulashi.

Kuno kwathu zipangizo za magetsi za m'misewu ndi za ESCOM, ndipo mathiransifoma ambiri ali pamwamba pa mapolo. Thiransifoma imalandira magetsi a mphamvu ya mavoti 11,000 kapena 33,000 n'kuwatsitsa kuti afike pa 230 amene timagwiritsa ntchito m'nyumba. Magetsi a mphamvu yotere sadikira kuti munthu akhudze waya, amatha kulumpha munthu akangoyandikira kwambiri. Ndiye taganizani mnyamata wa zaka 15 ali pa makwerero achitsulo, manja ali onyowa. Mabokosi a pansi nawo ena anachita dzimbiri, ena chitseko chake n'chomanga ndi waya, ndipo inu ndi ine sitingadziwe ndi maso ngati chitsulo chakunjacho chili bwino kuchigwira. Mabokosiwa ali ndi timipata totulutsira kutentha, nambala imene amisiri amawazindikira nayo, ndi chikwangwani chochenjeza. Penti ikatseka chimodzi mwa zimenezi mwaononga, ngakhale duwa lanu litakongola chotani. Penti yakuda nayo imakoka dzuwa, zamkati n'kumatentha kuposa muyezo.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Takhala tikuuza ana kuti bokosi la magetsi si poseweretsa, alitalikire. Mukalijambula agulugufe achikasu ndi ofiira, mwana wa zaka zinayi akaliona chimene chimubwerere m'mutu n'chakuti apa ndi pathu. Mayiko amene mabokosi ake amakhala okhoma bwino ndi kuyenderedwa pafupipafupi angathe kuchita zimenezo. Ife tiyambe taonetsetsa kuti bokosilo lili bwino, ndipo woonetsetsa ndi mwini wake. Musaiwalenso kuti anthu atopa ndi akuba mafuta a m'mathiransifoma ndi mawaya a kopa. Anyamata anu akapezeka ali ndi zigubu pafupi ndi polo popanda kalata m'manja, achitetezo cha m'mudzi sadzayamba ndi kufunsa kuti mukujambula chiyani. Mabokosi a mafoni ndi intaneti alibe ngozi yofanana ndi imeneyi, komabe ali ndi eni ake, ndipo chilolezo n'chofunika chimodzimodzi.

Tsopano tayendani kuchokera pa Chitakale kulowera ku boma, maso ali m'mbali. Muona makiyosiki a madzi, makoma otchinga mijigo, mashedi odikirira minibasi, khoma la zimbudzi za pamsika, migolo ya zinyalala, mpanda wa sukulu yanu yomwe. Zonsezi ndi za anthu onse, zilibe magetsi, ndipo zambiri zinadetsedwa ndi guluu wa mapepala a asing'anga, a misonkhano ya chitsitsimutso ndi a kampeni amene anatha kalekale. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha kiyosiki ya madzi imodzi. Pa kiyosiki pamakhala anthu kuyambira mbandakucha, amayi amaima pamzere ndi ndowa zawo kwa nthawi ndithu, maso alibe kolowera. Chithunzi chili pamenepo chidzaonedwa tsiku ndi tsiku kuposa chimene chili pa bokosi lomwe anthu amangolidutsa pa kabaza.

Pezani kaye mwini wake. Madzi a m'matauni a kuno amayendetsedwa ndi Southern Region Water Board, koma makiyosiki ndi mijigo yambiri ili m'manja mwa makomiti a madzi a m'deralo. Wogulitsa madzi pa kiyosikiyo akuuzani woyenera kumuona. Mukatero pitani kwa amfumu, kenako ku khonsolo ndi kalata. M'kalatamo muikemo chithunzi cha malowo mmene alili lero, ndi chojambula cha mitundu yake chimene mukufuna kuikapo. Yankho lipempheni lolembedwa ndipo mulisunge, chifukwa maofesi anthu amasinthana, wobwera mawa sadzadziwa zimene munagwirizana pakamwa. Zidzatenga nthawi, koma musadumphe aliyense.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi ya chojambulacho. Musatengere za pa zithunzi za mlongo wanu. Ife tili ndi phiri la Mulanje loti alendo amalipira ndege kudzaliona. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, palibenso nsonga ina yomuposa m'Malawi muno. Tili ndi khoma la mwala la Chambe, mathithi a ku Likhubula, ndi mkungudza, mtengo wa dziko lathu, umene mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha koma unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Ana ambiri obadwira m'tsinde mwa phirili sanauonepo mkungudza waukulu uli chilili. Mtengo umenewu utajambulidwa bwino pa khoma, ndi masamba ake ang'onoang'ono aja, mwana angafunse agogo ake kuti unapita kuti, ndipo funso limenelo n'lofunika kuti lifunsidwe.

Komabe phiri lokha silikwanira, aliyense amajambula phiri. Jambulani anthu. Mayi wothyola tiyi, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kutchinga mame, zala zikutola timasamba tiwiri ndi kamphukira. Bambo wa njinga yodzaza nanazi mpaka chishalo osaoneka, iye akukankha pachitunda. Ovina tchopa atabereka zikopa ndi katundu wawo kumsana, monga timawaonera pa Chonde nthawi ya Mulhako wa Alhomwe. Tchopa ameneyu bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa miyambo ya dziko lapansi mu 2014, koma ndi makoma angati a kuno amene mungamupezepo? Makoma athu abwino anatengedwa ndi makampani otsatsa malonda, ofiira ndi obiriwira kuyambira pa Bvumbwe mpaka pa Muloza. Sindikuwada, eni magolosale amapeza penti yaulere. Kungoti mlendo woyenda pa msewu umenewu amadziwa mitengo ya mabandulo asanadziwe kuti kuno kumakhala anthu otani.

Osankha asakhale inu nokha ndi ana anu. Jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi pa mapepala akuluakulu, mukazipachike pa kiyosikipo tsiku limene anthu amachuluka, amayi otunga madzi anene okha. Adzakudabwitsani. Wina adzati dengu la tiyi silimangidwa choncho, wina adzati nkhopeyo ikufanana ndi uje wa kuseriko, muisinthe. Amene anatsutsapo pa chithunzi ndi amene adzakalipire mwana wofuna kuchikanda ndi msomali.

Ena adzakuuzani kuti mujambule za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Mabanja ambiri a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo anataya abale awo ndipo chilonda chikadali chachiwisi. Ngati anthu a pamalopo apempha okha chikumbutso, amvereni, muchite nawo mofatsa. Koma musawaikire matope ndi miyala yogumuka pamalo pamene ayenera kuimapo m'mawa uliwonse.

Samalaninso ndi mitundu. Kuno mtundu umalankhula. Khoma la buluu yekhayekha, lachikasu chokhachokha kapena lofiira lokhalokha, anthu aliwerenga ngati la chipani, kapena la timu ya mpira, inu musanamalize n'komwe. Sakanizani mitundu, ndipo musalole dzina la phungu, khansala kapena wofuna kudzaima nawo pa chisankho lilembedwe pa chithunzi, ngakhale atagula penti yonse. Chisankho chikadzapita kwina, khomalo lidzapita nacho.

Za penti, mdani wanu ndi chinyezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, ndipo miyezi yozizira kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kaja kotha masiku dzuwa osaoneka. Penti yopakidwa pa khoma lonyowa imatupa n'kusupuka ngati khungu la mbatata yophika. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala. Yambani mame atauma, ndipo masana dzuwa likaswa mtengo pumani, makamaka ngati mukupenta chitsulo.

Ntchito yambiri ili pokonza khoma, ndipo ndi imene achinyamata amaithawa. Palani mapepala onse ndi ndere zobiriwira ndi bulashi ya waya, tsukani ndi sopo, matani ming'alu ndi simenti, mudikire ziume ndithu. Pulasitala watsopano amafuna milungu ingapo asanapakidwe kanthu. Kenako pakani penti yoyamba yoyera ija ya pansi, ndipo pamwamba pake mugwiritse ntchito penti ya madzi yolembedwa kuti ndi ya panja. Laimu ndi wotchipa koma mvula imodzi amachoka. Pa chitsulo, monga chitseko cha kiyosiki kapena mgolo, chotsani dzimbiri ndi sandipepa, pakani penti yofiirira yoletsa dzimbiri, kenako ya mafuta. Penti ina ya mafuta, makamaka yachikasu ndi yofiira, imakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa ana, choncho werengani pa chitini, ndipo ntchito ya penti ya mafuta ndi thinala ikhale ya akuluakulu. Musagule mitundu yambirimbiri. Yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu ikukwanirani, inayo muzisakaniza nokha m'zitini za chabe.

Dothi lathu ndi katondo. Mvula ikamagwa kuchokera pa malata imathovutsira matope ofiira m'munsi mwa khoma, ndipo pa kiyosiki madzi amatayika tsiku lonse. Choncho kuyambira pansi mpaka m'mawondo pakani mtundu woderapo wofanana ndi dothilo, chithunzi chiyambire pamwamba pake.

Pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Luchenza pali amisiri olemba zikwangwani, aja amajambula mitu ya anthu pa mababashopu ndi kulemba mayina a magolosale. Pezani mmodzi, mugwirizane mtengo, mumulipire. Iye amadziwa kukuza chithunzi cha pa pepala kuti chikwane khoma pojambula timabokosi ta choko, amadziwanso penti imene imasuluka msanga kuno. Ana anu adzaphunzira zambiri poima pambali pake, ndipo si bwino kuti ntchito yolemekeza luso iyambe ndi kupempha mmisiri kuti agwire ulere. Ndalama yake pemphani kwa eni mashopu oyandikana ndi malowo, kumpingo, ngakhalenso ku maesiteti a tiyi. Othandiza onse mayina awo alembedwe ang'onoang'ono pakona imodzi, pamodzi ndi mayina a ana amene ajambula.

Kiyosikiyo ikatha ndipo yapirira dzinja limodzi, mudzakhala ndi choonetsa. Pamenepo, ngati mtima udakali pa mabokosi aja, lemberani a ESCOM kapena kampani ya mafoni, muikemo zithunzi za ntchito yanu, mupemphe kuti iwo asankhe bokosi loyenera ndi kutumiza mmisiri wawo adzakhalepo tsiku lopenta. Akakana, makoma ena alipo ambiri. Pakadali pano nditumizireni chithunzi cha kiyosiki imene mwasankha ndi muyezo wa makoma ake, tiwerengere limodzi kuti mufunika malita angati.