Chifukwa chiyani ophunzira amalemba kuti "The boys they are playing"?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 6 pasukulu ina ya ku Tsangano m'boma la Ntcheu. Ngakhale ndiwawongolere kangati ndi cholembera chofiira, ophunzira anga amalembabe ziganizo monga "The boys they are playing" ndi "My mother he is sick". Kodi vuto ndi ulesi wawo kapena kaphunzitsidwe kanga? Mphunzitsi, Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, anawo si aulesi ayi. Akutsatira malamulo a chiyankhulo mokhulupirika ndithu, kungoti malamulo amene akutsatirawo ndi a Chichewa, ndipo cholembera chofiira chimangowauza kuti alakwa osawaonetsa pamene ziyankhulo ziwirizi zasiyanira.

Lembani pabolodi chiganizo chakuti "Anyamata akusewera", kenaka mugawe mneniyo motere: a-ku-sewer-a. Afotokozereni kuti "a-" ndi mgwirizanitsi wa mwininkhani, pamene "-ku-" akusonyeza kuti ntchito ikuchitika tsopano. M'Chichewa mgwirizanitsi ameneyu sachoka ngakhale dzina litatchulidwa kale, nchifukwa chake palibe amene anganene kuti "Anyamata kusewera" pofuna kutanthauza zomwezo. Choncho mwana akamamasulira mumtima, amapeza kuti "anyamata" ndi "the boys", ndipo amafunafuna mawu olowa m'malo mwa "a-" mpaka atapeza "they". Chingerezi chimalola dzina kapena mlowam'malo kukhala mwininkhani, osati zonse ziwiri motsatizana. Tsono fufutani mawu akuti "Anyamata" anawo akuona. "Akusewera" adzatsala ali chiganizo chokwanira pachokha, koma "are playing" sadzatha kuima yekha, ndipo apa ndi pamene "they" amalowa. Mwana amene waona kufufutako ndi maso ake sachedwa kugwira mfundoyi.

Za "he" ndi "she" gwero lake ndi lomweli, popeza "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Pamenepa palibe zambiri zofotokoza. Chofunika ndi kuyeserera pakamwa kawirikawiri, mukuloza anyamata ndi atsikana a m'kalasimo.

Pali vuto lina limene simunalitchule koma mudzakumana nalo, la mafunso okana. Tikafunsidwa kuti "Sunadye?" timayankha kuti "Eya, sindinadye", povomereza zimene wofunsayo wanena, pamene Chingerezi chimafuna "No, I haven't" chifukwa yankho limatsata zimene zachitika. Limeneli limapunthwitsa ndi akuluakulu omwe.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena amaopa kutchula Chichewa m'phunziro la Chingerezi, makamaka poganizira mayeso a MANEB a Sitandade 8. Ine sindikuona cholakwika, malinga kufananitsako kukhale kwa kanthawi kochepa, ndipo nthawi yotsalayo ana aithere popanga ziganizo zawozawo za Chingerezi zokhudza zinthu zimene amazidziwa, monga kukumba mbatatesi kapena kupita kumsika.