Azakhali, kuzizira kwa Mzuzu kwandikwana, ndibwerere kwathu?

FUNSO: Azakhali muli bwa? Ine ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Nchalo ku Chikwawa ndipo ndakulira konko. Abambo akunyumba anawasamutsira kuno ku Mzuzu pantchito nde tinabwera mu Epulo, tikukhala ku Chibavi nyumba ya lendi yamalata yopanda siling'i. Chiyambireni Juni sindikugona bwino, mapazi amachita dzanzi, zovala ndikachapa sizikuuma, wamng'onoyu ali ndi miyezi 7 koma akungokhalira chimfine. Aneba akuti ndizilowetsa mbaula kuchipinda usiku. Kodi thupi lidzazolowera kapena ndingobwerera kwathu mpaka Seputembala? Mayi wodandaula, Chibavi.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi ya mbaulayo chifukwa yandisowetsa mtendere. Chonde chonde musagone ndi mbaula mnyumba, olo makala atayaka mpaka kufiira psuu opanda utsi. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, suoneka komanso sununkha, ukalowa mmagazi umalanda malo a mpweya wabwino nde munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo tosadzuka nato. Khanda ngati lanulo ndi lomwe limayamba kugonja. Aneba anuwo akufunirani zabwino ndithu koma anthu amafa nazo zimenezi nyengo ngati ino. Othani moto pakhonde kapena pamalo opita mphepo, nthawi yogona mbaula itsale panja. Zitachitika kuti wina wafooka mchipinda momwe munali makala, tsegulani zitseko, mutulutseni panja, thamangani naye kuchipatala osadikira kuche.

Tsopano za kuzizirako. Si ulesi kapena kufooka kwa thupi lanu ayi. Nchalo ili pansi kuchigwa, sikufika olo mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Mzuzu ili pamwamba kupitirira mamita 1,200, ndipo mukakwera mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerako pang'ono. Mu Juni ndi Julaye usiku kuno zimatsika pansi pa madigiri 10. Koma chomwe chimavutitsa alendo kwenikweni ndi chinyezi, mwera uja ukamaomba pa nyanja umanyamula chinyezi, ukamakwera zitunda kuchokera ku Nkhata Bay umazizira nkusanduka chifunga ndi mvula ya mawawa ija imatha tsiku lonse ikungowaza. Nchifukwa chake zovala zanu sizikuuma, nchifukwa chakenso bulangete limamveka ngati lanyowa. Nde nkhondo yanu yaikulu mayi ndi yoti inu ndi ana mukhale ouma.

Chovala chachinyontho chimaba kutentha kwa thupi msangamsanga, bola kubwereza juzi yadzulo youma kusiyana ndi kuvala yochapa yosaumitsitsa. Chapani mmawa tsiku loti kumwamba kwayera, osaunjika zochapa zambiri nthawi imodzi, zamwana zisiteni musanamuveke. Dzuwa likangoti ng'aa masana tulutsani mabulangete, tsegulani mawindo mphepo idutse, apo bii makoma ndi nsapato zichita chuku ndipo chukucho chimayambitsa chifuwa, makamaka kwa amphumu.

Pakavalidwe anthu ochokera kotentha ambiri amathamangira kugula chijekete chimodzi chachikulu basi mkati muli kamalaya kamodzi. Phatikizani zopyapyala ziwiri zitatu, vesiti, tisheti ya manja aatali, juzi, kenako jekete pamwamba, kampweya kotsala pakati pa zovalazo ndi komwe kamasunga kutentha, komanso masana kukafunda mumangovulako chimodzi. Pansi pa chitenje valani taiti. Sokosi zokhuthala ndi chipewa chaulusi musaziderere, mapazi anuwo akuchita dzanzi chifukwa thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita kumanja ndi kumapazi kuti lisunge kutentha mkatimu. Zonsezi zilipo pa kaunjika mumsika mtaunimu, simukufunika za mushopu. Usiku thirani madzi otentha m'botolo lolimba, tsekani bwino, kulungani pachitenje muike kumiyendo kwanu, koma osaligunditsa mwana lingamuotche.

Nyumbayo nayo muithandize. Simenti yapansi imazizira koopsa, yalani mphasa kapena makatoni pansi pa matiresi ngati mulibe bedi, ana asamayende chosavala kumapazi. Kambiranani ndi alandilodi za siling'i, olo ya mphasa kapena masaka kuchipinda kogona kokhako imasintha zinthu, malata okhaokha amataya kutentha konse usiku komanso amadontha mame mmamawa.

Kwa khandalo, mumuveke chovala chimodzi choposa zomwe mwavala inu, kachipewa ndi tisokosi, koma osamufunditsa kumaso. Kuti mudziwe ngati watenthedwa mokwanira gwirani pachifuwa kapena kumsana osati timanja. Muzimusambitsa masana mwachangu ndi madzi ofunda. Pitirizani kuyamwitsa pafupipafupi. Chimfine chimabwera ndi tizilombo, chimafala kwambiri pano poti tonse tikudzitsekera mnyumba, ndipo nthawi zambiri chimatha chokha. Chomwe muyang'anitsitse ndi chibayo. Werengani mmene akupumira ali phee, pa msinkhu wakewu akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, akukana bere, watentha thupi, musataye nthawi ndi mankhwala a pagolosale, pitani naye kuchipatala cha Mapale kapena cha Central ku Luwinga tsiku lomwelo. Onaninso buku lake lakusikelo ngati analandira katemera yense, wa chibayo uja anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011 ndipo ndi waulere. China, wina akamanjenjemera thupi lili moto musamangoti ndi mphepo, kayezetseni malungo, neti musaichotse poti kwazizira.

Zoti mudzazolowera, eee mudzazolowera, thupi limasintha pang'onopang'ono pakadutsa masabata ndipo chaka choyamba ndi chomwe chimawawa. Kuzizira mudzakumvabe, obadwira konkuno nawonso amavala majuzi. Ine ndikanakonda mupirire, mwatsala ndi pang'ono, Ogasiti akamatha kumayamba kufunda ndipo pofika Okotobala mudzagona bwino pomwe abale ku Nchalo akugona pakhonde ndi kutentha. Mukathawa chaka chino chaka chamawa mudzayambiranso pomwepa.

FUNSO: Azakhali ndine mnyamata wa ku Nkhotakota ndikuphunzira pa Mzuni, yunivesite ya kuno ku Mzuzu. Khungu latuwa, milomo ikung'aluka, kusamba mmawa ndikumachita kuopa. Anzanga akuti kamowa pang'ono usiku kamachotsa mphepo, nzoona?

YANKHO: Mwana wanga, sizoona. Mowa umatsegula timitsempha tapakhungu nde umamva ngati watenthedwa pomwe kutentha kwa mkati kukutuluka, ndipo woledzera akagona panja kapena pasimenti usiku wa Julaye akhoza osadzukanso. Imwa tiyi, idya phala lotentha usanapite mkalasi, mbatata, chinangwa, mtedza, thupi likamalimbana ndi mphepo limafuna chakudya nde usamadumphe chammawa. Madzi uzimwabe olo ulibe ludzu. Kusamba sinthira masana kapena madzulo dzuwa lisanalowe, usachedwemo, ukangodzipukuta dzola Vaseline kapena glycerine khungu lisanaumiretu, pamilomo pomwe, ndipo usamainyambite imang'aluka kwambiri. Ukamawerenga usiku usangokhala pampando maola onse, uzidzuka nkuyendayenda magazi ayende. Ukayamba kutsokomola mpaka masabata awiri osasiya kayezetse makhololo kuchipatala aone ngati si TB, usangoti ndi nyengo.