Ine ndimalota usiku uliwonse, amuna anga akuti salota. Vuto lili ndi ndani?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo wavomera kuti ndiyankhire pano popanda kumutchula dzina. Akuti chibadwire mwana wake wachiwiri, yemwe tsopano ali ndi miyezi 7, maloto ake akumaoneka bwino kwambiri moti akadzuka amakumbukira ngakhale mtundu wa chitenje chimene munthu wina anavala kutuloko. Loto limene likubwerezabwereza ndi lakuti mwana wasowa m'zofunda, iye n'kumafufuza mtima uli m'mwamba. Amuna ake akuti papita zaka osalota. Apongozi ake akuti nkhaniyi ndi yofunika mapemphero, ndipo m'mawa uliwonse amafunsa kuti, "Lero mwalotanji?" Funso lake ndi ili: "Kodi vuto lili ndi ine kapena ndi iwo?"

Mayi, pa zimene mwalembazi sindikuona vuto ndi inu, ngakhalenso ndi bambo a kunyumba. Nonse awiri mumalota. Mwasiyana kadzukidwe basi. Inu tulo tanu timadukaduka, iwo amagona tofa nato mpaka kucha, ndipo loto silikhalitsa m'mutu ngati munthu sanagalamukeko lili mkati kapena litangotha.

Mu 1953, ku Yunivesite ya Chicago, wophunzira wina, Eugene Aserinsky, ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman analengeza kuti pali nthawi zina usiku pamene maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira pansi pa zikope, ubongo n'kumatakataka ngati wa munthu amene ali maso. Woyamba kumumangirira mawaya kumutu anali mwana wa Aserinsky yemweyo, kamnyamata ka zaka 8. Tulo timeneti ndi timene madokotala amatitchula kuti REM. Pofika 1957, Kleitman ndi wophunzira wake wina, William Dement, anali atadzutsa anthu ambirimbiri pakati pa usiku n'kumawafunsa zimene zinali m'mutu mwawo. Akawadzutsa maso akuyendayenda, pafupifupi maulendo 8 pa 10 aliwonse anthuwo ankafotokoza loto. Pambuyo pake zinadziwika kuti timalotanso m'tulo ta mitundu ina, koma maloto aatali okhala ndi anthu, malo ndi mantha amachuluka mu REM.

Tulo ta REM sitibwera kamodzi. Timabwera pakatha pafupifupi mphindi 90 zilizonse, kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Ulendo woyamba ndi waufupi, mwina mphindi 10, koma kukamayandikira m'bandakucha timatalika mpaka theka la ola kapena kupitirira. Munthu wamkulu wogona maola 8 amakhala m'tulo timeneti pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Kumbukirani zimenezi mukamaganizira nthawi imene mwana wanu amakonda kulira.

Nanga kuoneka ngati zenizeni kuja kumachokera kuti? Pierre Maquet ndi anzake ku Liège, m'dziko la Belgium, anajambula ubongo wa anthu ali mu REM mu 1996. Anapeza kuti kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito munthu akachita mantha kapena akakhudzidwa mtima, kamakhala kotakataka kwambiri, pamene mbali ina yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imapima ngati chinthu n'chomveka, imakhala ziii. N'chifukwa chake kutulo mukhoza kukumana ndi agogo amene anamwalira kalekale akugulitsa usipa mumsika, inu osadabwa n'komwe, koma mantha kapena chisoni chake n'kukhala chenicheni mpaka misozi.

Pa nthawi yomweyo, ubongo umakhala wofooka pa ntchito yosunga zatsopano. Noradrenaline, imodzi mwa timadzi ta muubongo tothandiza kuti zimene taona zikhazikike, imatsika kwambiri mu REM kuposa nthawi ina iliyonse. Loto likuchitikadi, koma palibe chikulisunga. Zili ngati mvula ya usiku imene yagwa pa madenga awiri mofanana, koma m'mawa amene ali ndi madzi ndi yekhayo amene anatulukako n'kutchera ndowa.

Zimenezi zinayesedwa bwino ku Lyon, m'dziko la France, ndi gulu la Perrine Ruby, ndipo zotsatira zake zinatuluka cha m'ma 2013 ndi 2014. Anatenga anthu amene amakumbukira maloto pafupifupi masiku asanu pa sabata, ndi ena amene amakumbukira mwina kawiri pa mwezi, n'kuwagoneka ali ndi mawaya kumutu. Okumbukira kwambiriwo ankakhala maso pafupifupi mphindi 30 mukaphatikiza kugalamuka kwawo konse kwa usiku, pamene anzawo ankakhala maso pafupifupi theka la nthawi imeneyo. Ofufuzawo ankawaikiranso mawu otchula mayina kuti aziwamva, ndipo ubongo wa okumbukira maloto unkayankha kwambiri, ali m'tulo ngakhalenso ali maso. Ndiye kuti pali anthu amene kaphokoso kakang'ono kamawafika msanga, amagalamuka pafupipafupi, ndipo kugalamukako n'kumene kumapulumutsa loto. Kwina mwa kugalamuka kumeneku munthu sakukumbukira n'komwe m'mawa.

Tsono inu, Mayi, muli ndi khanda pambali. Likangoti nyee, mwadzuka. Mumayamwitsa kawiri kapena katatu, kwinaku khutu lili tcheru usiku wonse, ndipo kudzuka kwina kumagwera m'bandakucha, nthawi imene REM ili yaitali. Kuwonjezera apo, munthu amene wamanidwa tulo ta REM amatibweza akangopeza mpata, ndipo maloto a nthawi imeneyo amabwera mwamphamvu. Ndingadabwe mukanandiuza kuti simukumbukira kalikonse.

Loto la mwana wosowa m'zofunda si lanu nokha. Tore Nielsen ndi Tyna Paquette a ku Montreal, m'dziko la Canada, anafunsa amayi oposa 200 amene anali atangobereka, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2007. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anafotokoza maloto oona khanda lili pa ngozi. Loto limodzi linkamveka mobwerezabwereza: mwana wasowa pabedi, mayi akuvundukula zofunda, nthawi zina akulira kapena kufuula, ndipo ngakhale atadzuka ayenera kukamuona mwanayo kuti mtima ukhale pansi. Amayi a ku Canada amenewo sanapangane nanu. Chimene mukufanana ndi tulo toperewera ndi mtima umene tsiku lonse uli pa kamunthu kamodzi.

Pepani apongozi ngati mawuwa angawapeze, koma funso lawo la m'mawa lija likuwonjezera moto. Ofufuza za maloto amadziwa kuti munthu akangoyamba kulemba kapena kufotokoza maloto ake tsiku ndi tsiku, amayamba kukumbukira ochuluka pa masiku ochepa chabe. Inu mumagona mukudziwa kuti mufunsidwa. Mukadzuka mumayamba mwalibwereza lotolo m'mutu kuti lisathawe, kenako mumalifotokoza, apongozi n'kulimasulira, inu n'kumaliganizira mpaka madzulo. Ngati mukufuna kuti maloto achepe mphamvu, siyani kuwafotokoza m'mawa kwa milungu iwiri kapena itatu. Mukadzuka dzukani ndithu, kolezani moto, yambani ntchito. Zambiri zidzafufutika madzi a tiyi asanawire. Amene akufuna kukumbukira achite zosiyana: agonebe mmene anagonera, asagwire foni, ayambe ndi kanthu komaliza kamene anaona n'kumabwerera m'mbuyo.

Za amuna anu. Ku chipatala cha Pitié-Salpêtrière ku Paris, gulu la Isabelle Arnulf linalemba mu 2015 za odwala amene ankanena kuti papita zaka zambiri osalota, ena mpaka kunena kuti sanalotepo chibadwire. Odwalawa anali ndi vuto limene minofu ya thupi siizimitsidwa mu REM mmene zimayenera kukhalira, choncho zimene munthu akulota amazichita pabedi. Makamera anawajambula akulankhula, akukangana, akumenya nkhonya m'malere, koma m'mawa onse ankati sanalote. Anthu osalotadi alipo, koma ndi ochepa zedi, ndipo Mark Solms wa ku Yunivesite ya Cape Town anasonyeza m'ma 1990 kuti zimenezi zimachitika mbali zina za ubongo zikavulala, monga pambuyo pa sitiroko. Bambo wa thanzi amene amagona ngati chipika n'kudzidzimuka ndi alamu kuthamangira minibasi sali m'gulu limenelo. Chokha chimene ndingafunse n'chakuti: kodi amaliza mkonono kwambiri, nthawi zina n'kusiya kupuma kenako n'kubanika? Ngati zili choncho, akaonane ndi dokotala, osati chifukwa cha maloto koma chifukwa cha mtima ndi BP.

Kwa ena amene mukuwerenga muli opanda khanda koma maloto asintha mwadzidzidzi, dzifunseni chimene chasintha pa kagonedwe kanu kapena pa zimene mukumwa. Mowa umapondereza REM kumayambiriro kwa usiku, ndiye ukamatha m'thupi tulo timeneti timabwerera mwaukali cha m'mawa. Amene wasiya mowa kapena chamba atazolowera amatha kulota zoopsa kwa masiku kapena milungu ingapo, ndipo ena amabwereranso ku botolo poganiza kuti china chake chikuwalondola, chonsecho ndi ubongo ukubweza ngongole. Kutentha thupi kwa malungo kumabweretsa maloto osokonekera. Amayi oyembekezera, makamaka miyezi yomaliza, amadzuka pafupipafupi kukakodza kapena kutembenuka, ndiye nawonso amakumbukira zambiri.

Mankhwala ndiye nkhani imene ambiri kuno anaionapo. Efavirenz, amene anali mu ma ARV a 5A, amadziwika ndi chizungulire ndi maloto achilendo, makamaka milungu yoyambirira, ndipo kudya zamafuta ambiri nthawi yomwera kumawonjezera vutolo. Kuyambira 2019 Malawi anayamba kusinthira anthu ambiri ku 13A, amene ali ndi dolutegravir. Ameneyu maloto oterewa sabweretsa kawirikawiri, koma ena amawasowetsa tulo, n'chifukwa chake amalangiza kumwa m'mawa. Mefloquine, amene abale ena ochokera ku Britain kapena ku America amapatsidwa kuti apewe malungo akamabwera kudzacheza, amadziwikanso ndi maloto oopsa, moti mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linaika chenjezo lamphamvu pa mankhwalawa. Mankhwala ena a BP ndi mtima monga propranolol amachitanso zomwezo, ndipo n'chimodzimodzi kusiya mwadzidzidzi mankhwala a matenda a nkhawa. Musasiye mankhwala panokha chifukwa cha loto. Kafotokozeni kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri amangosintha nthawi yomwera kapena mtundu wake.

Mayi, pali chinthu china chimene simunachitchule koma chimayendera limodzi ndi tulo todukaduka. Mu REM ubongo umazimitsa minofu ya manja ndi miyendo kuti tisachite zimene tikulota. Michel Jouvet anazisonyeza pa amphaka ku Lyon komweko kuyambira 1959. Nthawi zina munthu amagalamuka kuzimitsako kusanathe. Maso ali otsegula, chipinda akuchiona, koma sangasunthe kapena kufuula, pachifuwa pali ngati pakhala munthu, mwinanso n'kuona chithunzithunzi pakhomo. Zimatha zokha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Pafupifupi anthu 8 pa 100 aliwonse zinawachitikirapo, makamaka ogona chagada ndi osagona mokwanira. Kwathu kuno ambiri akangodzuka amati afiti. Za chikhulupiriro cha munthu sindilimbana nazo, ndipo ngati kupemphera musanagone kumakukhazikani mtima pansi, pempherani, chifukwa mtima wodekha umagonetsa bwino. Chimene ndimakana ndi kuloza chala munthu chifukwa nkhope yake yaoneka kutulo. Ubongo umatenga nkhope zimene timaziona masana, ndiye woyandikana naye nyumba kapena gogo wa kuseri ndi amene amaonekamo kawirikawiri. Okalamba ena m'dziko muno amenyedwa ndi kuphedwa chifukwa cha milandu yoyambira pa zoterezi, ndipo lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Nanga inu mungadandaule liti? Maloto oopsa akayamba kukuopsezani kugona, kapena masana mukamangolira, chakudya osachifuna, mwana osakondwera naye, kapenanso kubwera maganizo odzipweteka, musadikire. Kuvutika maganizo pambuyo pobereka ndi matenda odziwika ndipo amachizika, choncho auzeni anamwino tsiku la sikelo. Chimodzimodzi amene amalota mobwerezabwereza chinthu choopsa chimene chinawachitikiradi, monga ngozi ya pamsewu kapena madzi ndi matope a namondwe wa Freddy mu 2023. Amenewo akufunika thandizo la achipatala, osati womasulira maloto. Bambo wachikulire amene wayamba kumenya ndi kukankha akazi ake ali m'tulo nayenso akapimidwe, chifukwa nthawi zina vutoli limatsogolera matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson ndi zaka zambiri. Ndipo poti loto lanu ndi la zofunda, onetsetsani kuti mwana akugona chagada, kumaso kulibe bulangete kapena pilo. Zimenezo n'zofunika kaya mwalota kaya simunalote.

Ngati mukufuna umboni wa pa nyumba panu, tsiku lina mukadzuka kuyamwitsa cha m'ma 4 koloko, unikani pang'ono nkhope ya amuna anu. Mukaona maso akuyendayenda pansi pa zikope ndipo kupuma kwasiya kuyenda mwandondomeko, agwedezeni n'kuwafunsa nthawi yomweyo kuti anali kuti. Musalole kuti ayambe ayang'ana nthawi kapena kufunsa ngati kwabwera akuba. Ulendo woyamba mwina mulephera, koma mukayesa katatu kapena kanayi adzakuuzani kanthu. Muyambe mwagwirizana nawo madzulo ake, ndipo musankhe tsiku loti m'mawa sapita kuntchito.