Za medical scheme ya kuntchito, ma ARV ndi fomu ija

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yomwe yandikhudza kwambiri. Akumwa ma ARV, wangopeza ntchito yokhala ndi medical scheme (inshulansi yolipirira chithandizo cha kuchipatala), ndipo fomu ikufunsa za matenda amgonagona. Akuti alembe zoona kapena abise? Nanga azidulidwiranji malipiro poti mankhwala amalandira ulere?

Achemwali, funso lachiwirilo ndi lomwe landiyankhulitsa. Achimwene anga aakulu anayamba mankhwala boma litangoyamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, nthawi imene munthu ankadikira kaye chitetezo chitsike asanamuyambitse. Zimenezo zinatha mu 2016, pano ukapezeka nako umayamba pompo. Iwo akumwa kapilisi kamodzi patsiku, kaja ka dolutegravir kanabwera mu 2019, ndipo amatenga a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Kachilombo kanagonja kalekale.

Chomwe chinawagwetsa ndi BP. Adokotala alemba bwinobwino m'buku la kuchipatala, kukafika pawindo akuti mankhwala atha, kaguleni ku famase. Kenako miyendo kutupa, akuti kayezetseni impso, makina sakugwira ntchito, pitani kolipira. Alamu anga anachita kukongola ku banki m'khonde, mbuzi ziwiri n'kugulitsidwa. Munthu amene sanaphonyepo tsiku la ma ARV n'kumasowa timapilisi ta BP! Apa mpamene ndinaona kuti ulere tikunenawu umathera pa botolo la ma ARV ndi Bactrim. Shuga, BP, sikani, mano, magalasi, zonsezo zimabwera munthu akamakula, ndipo a HIV masiku ano akukalamba ngati wina aliyense.

Komanso tisamaiwale kuti ulerewo ndi wa ndalama za eni. Ma ARV ambiri kuno amagulidwa ndi thandizo la Global Fund, pomwe PEPFAR ya America yakhala ikulipira antchito ena komanso zoyezera viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi). Mu Januwale 2025, America itaimitsa thandizo lakunja, anthu anagona ndi mantha, ena kumawerenga mapilisi otsala m'botolo. Ine ndimakwiya ndikamva akuluakulu akunyadira pologalamu imeneyi ngati ikuchokera m'thumba lathu. Ndipo inshulansi yeniyeniyo ndi ya anthu angati? Mlimi wa ku Dedza kapena wa kabaza MASM, bungwe la inshulansi ya zachipatala lija, amangoimva dzina. Inu mwayi mwaupeza, musautaye.

Tsono za fomuyo

Musabise. A scheme akadzatulukira pa nthawi ya bilu yaikulu akhoza kukana kulipira. Koma fomu ya matenda si yoti iziyendayenda pa desiki ya a HR. Funsani kuti muipereke nokha ku ofesi ya scheme, kapena muiike mu envulopu yomata. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu kaamba ka kachilombo komanso kuulula za iye popanda chilolezo chake. Afunseninso a scheme, akuyankheni polemba, ngati pali nthawi yodikira pa matenda omwe mwalowa nawo kale, ndiponso malire a ndalama pachaka. Ma ARV okha pitirizani kutenga komwe mumatenga, nambala yanu ya ku chipatalako ikhale yamoyo, chifukwa ntchito ikatha scheme imathera pomwepo.