Waya, maginito ndi phula: zopangira pickup ya gitala

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze zipangizo zokulungira pickup ya gitala yamagetsi (kachipangizo ka maginito ndi waya kamene kamatola kulira kwa nsambo), komanso ngati waya wa amisiri okulunga mamota ungagwire ntchito. Sungagwire, ndipo ndiyambira pomwepo chifukwa nkhani yonse yagona pa waya.

Pickup zambiri amakulunga ndi waya wa kopa wa nambala 42 AWG (muyeso wa ku America wa kunenepa kwa waya), wa mamilimita 0.063 basi, woonda ngati tsitsi. Ya gitala ya Fender yotchedwa Stratocaster amaizunguliza pafupifupi ka 8,000, imadya waya wopitirira kilomita imodzi, ndipo mukaipima ndi mita yoyezera magetsi imaonetsa ma ohm cha m'ma 6,000. Waya wa mamota ndi wonenepa kwambiri, bobini (chimango chomwe mumakulungapo waya) idzadzaza musanafike patali ndipo gitala idzalira monong'ona. Nambala ikamakwera waya umaonderaonderabe: 43 ndi woonda kuposa 42, n'chifukwa chake a Fender anauika pa pickup ya kukhosi ya gitala yawo ya Telecaster, yomwe bobini yake ndi yaing'ono.

Ena akuuzani kuti mumasule wa m'ma relay akale kapena wa m'kamota kozunguza mbale mu microwave. Woonda umapezekadi mmenemo, ndipo pophunzirira manja ndi wabwino. Koma waya wakale umakandika pomasula, makamaka womwe unamatidwa ndi vanishi. Malo okandika akakhudzana mkati mwa koyilo, mawu amafooka, ndipo palibe njira yokonzera kupatula kudula zonse n'kuyambiranso. Ndiye ngati ndalama ndi zochepa, zonse zipite ku waya watsopano. Ku America amagulitsa a Remington Industries ndi a StewMac, pa AliExpress sakani wa 0.06 kapena 0.063 mm. Mpukutu wa theka la paundi umatulutsa pickup zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndiye mutha kusonkherana ndi anzanu. Tengani wokutidwa ndi polyurethane, womwe amaulemba kuti poly, chifukwa chikutiro chake chimasungunuka chokha powotcherera. Formvar ndi plain enamel, za magitala akale zija, zimafuna kupala kaye, ndipo kwa woyamba kumene waya umangoduka.

Za maginito musavutike nazo mtima. Enieni ndi timitengo ta chitsulo cha maginito chotchedwa Alnico 5, tisanu ndi kamodzi pa pickup iliyonse. Nthawi zina timabwera topanda mphamvu, mumatidutsa pakati pa maginito awiri a neodymium kuti tidzuke, ndipo mitu yonse yofanana (north kapena south) iyang'ane mbali imodzi. Mukatisowa, chitani zimene amachita opanga magitala otchipa: tizitsulo kapena mabawuti asanu ndi limodzi, pansi pake n'kumata maginito akuda a ceramic. Bawuti iliyonse muyambe mwaiyesa ngati maginito akuigwira, poti za stainless zambiri sizigwira. Maginito a mu hard disk asiyeni. Mbali imodzi yomweyo imakhala ndi mitu iwiri yosiyana, komanso mphamvu yake imakoka nsambo mpaka kulira kwake kumafupika.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi kupita kwa okonza zida zoimbira, kapena kumipingo komwe magitala akufa amangounjikidwa, n'kupempha pickup zomwe zinasiya kulira. Nthawi zambiri chimene chinafa ndi waya wokha. Bobini, maginito ndi chivindikiro mumazipeza zili bwinobwino, zokwanira kale pa gitala.

Mukafuna kusema bobini yanu, Formica kapena pulasitiki yolimba imagwira. Chachikulu n'kusalaza m'mphepete monse ndi sandipepala wosalala, chifukwa kakuthwa kakang'onong'ono kamadula waya muli pakati pa ntchito. Tizitsulo tija mutikute ndi tepi yopyapyala waya usanayambe kudutsapo.

Chokulungira ndi makina osokera: matani bobini pa gudumu lapambali lija. Mpukutu wa waya muuimike pansi, waya uzichoka cha pamwamba, mpukutuwo usamazungulire ayi. Zala ziwiri ndi kansalu kofewa n'zokwanira kugwira wayawo. Ngati mulibe chowerengera maulendo omwe mwazunguliza, muziima kawirikawiri n'kupima ndi mita.

Pomaliza viikani pickup m'phula losungunuka kuti isamachite mluzu mukakweza ampu. Sakanizani magawo anayi a kandulo ndi gawo limodzi la phula la njuchi, kutentha kwake cha m'ma 65°C. Chitini cha phulacho chikhale m'mphika wa madzi otentha, osati pamoto penipeni, chifukwa phula limayaka. Isiyeni mmenemo mpaka tithovu titaleka kutuluka, kenako ipukuteni idakali yofunda.